Jekete Lowauka ndi Kalata ya ku Uganda

Binwelo mwana wanga,

Huta ya ku mgodi ya 2 koloko yalira kale, bambo ako alowa pansi pa mgodi, ndipo kunja kuli zii. Mitambo yaunjikana cha ku Madumabisa kuyambira m'mawa koma mvula ikukana kugwa. Malata akuthetheka ndi kutentha, nkhuku zangoyasama pansi pa mtengo wa tsanya, ndipo fumbi la malasha likutera papepala ndisanalembepo n'komwe.

Mawa ukwera sitima. Ndinkati lero ndingokukonzera kamba wa paulendo, ndikulongedzere bokosi, ndikuuze kuti uyende bwino, basi. Sindinkadziwa kuti ndilemba kalata. Ukundidziwa, pakamwa ndilibe. Munthu akandiyang'ana m'maso mawu amandithawira m'mimba. Choncho pamene iwe uli kotsanzika anzako, ndang'amba masamba m'kope lako lakale la masamu, ndanola pensulo, ndakhala pamphasa.

Jekete lako labuluu lawauka kumsana. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa uziona ndithu. Ndinalitulutsa m'nsalu ya pilo mmene timalisungira kuopa fumbi, ndinaika makala m'simbi, ndipo ndikusita cha m'munsi ndinamva kanthu kakukhwekhwereza m'kati. Nditatembenuza ndinapeza msoko umene si wanga. Msoko wanga ndimaudziwa. Uwu unali wotalikirana ngati mano a nkhalamba, wosokedwa ndi munthu wothamanga. Amuna a m'komboni muno amabisa situpa, chiphaso chawo, motero akamathawa mgodi wina kupita wina, ndipo ine ndinaganiza zoipa zambiri nthawi imodzi. Ndinaumasula ndi nsonga ya lumo. Munali envulopu yopindidwa pawiri, ya sitampa ya ku Uganda.

Chizungu changa ndi cha Sitandade 3, ndi china chimene unkandiphunzitsa iwe pakhonde uli wamng'ono. Ndinawerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi, ndikufunafuna mawu opepesa aja amene azungu amayamba nawo akamakana munthu. Sindinawapeze. Ndinapeza akuti akondwa. Ndinabwereza katatu. Pamene fungo la nsalu yopsa linkandifika m'mphuno, simbi inali itadya kale.

Ndinamanga mpango ndi kupita ku ofesi ya komboni kwa a Gondwe, mkulu wa mpingo uja, ine amene sindinapondemo m'menemo zaka zonsezi. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, anawavula, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati bambo ako anaiona kalatayo. Ndinati ayi.

"Amake Binwelo," anatero, "mwana wanu sanakanidwe. Amuitana kukaphunzira udokotala, ndipo malo amusungira mpaka kutha kwa mwezi wamawa."

Anandifotokozeranso kuti amene akukulipirira sukulu anakusiyira iwe kuti usankhe, kumwera ku dziko la Joni kapena ku Uganda, ndi kuti Lolemba ukafika ku ofesi yawo ku Buluwayo ndi pamene ukanene mawu omaliza, iwo n'kukulembera mapepala a ulendo. Ndinawapempha kuti asauze munthu. Pobwerera ndinapitirira nyumba yathu, ndinakadzidzimuka ndili pa mzere wachitatu wa nyumba, ana a eni ake akundiyang'ana.

Binwelo, unatiuza kuti ku Uganda anakukana. Unanena Lamulungu lija titachoka kutchalitchi, bambo ako akuvula nsapato, ndipo mawu ako sanagwedere n'komwe. Bambo ako anati palibe kanthu, uphunzitsi ndi ntchito yaulemu, koleji ya kumwera yatulutsa anthu ambiri. Ine ndinakuphera nkhuku yokupepesa. Ndipo ndiulule, mumtima ndinakondwa, ndinathokoza Mulungu kuti wakutsekera khomo lakutali. Iwe amene uli mwana unkabwera wekha kudzanena kuti wanyambita shuga, wasunga bodza miyezi itatu m'kati mwa jekete, ukudya nafe, ukuseka nafe. Mpaka tsopano mutu wanga ukukana kulandira.

Ndakhala ndikufunafuna chifukwa chake, ndipo ndachipeza. Ndine. Unali mwezi wa Novembala, ine ndi MaNyoni woyandikana nafe tikuchapa kuseri pampopi. Ndinapeza magazi pa kansalu kopukutira ka bambo ako, osati makhololo akuda aja tinawazolowera, koma magazi enieni. Mtima unatsika ndipo pakamwa panatseguka, ine amene ndimachapa chete. Ndinamuuza MaNyoni kuti mwana uyu akapita kutali, bambo ake chifuwa chikawatsiriza, nyumba idzabwerera kwa eni mgodi ngati mmene zinachitikira ndi mkazi wa malemu a Mbewe, ndipo ine ndidzalowera kuti, wobereka ndekha ndilibe, kumudzi anandiiwala. Nditazungulira khoma kukayanika, ndinapeza njinga yako ili chagada, gudumu likuzungulirabe, iwe palibe. Ndinadziuza kuti sunamve. Masabata awiri atapita unati ku Uganda anakukana, ndipo ine sindinalumikize ziwirizi chifukwa sindinkafuna kuzilumikiza. Unawerengera wekha kuti kumwera ndi zaka zochepa, tchuthi chilichonse sitima ikubweza kwathu, ndipo ukayamba msanga kundisunga. Mwana wanga, mantha amenewo anali anga. Ndinawataya pansi ngati madzi ochapira, iwe n'kuwatola. Usasankhe dziko ndi mantha anga.

Ndikuuze zimene sindinakuuzepo za sukulu yanga. Umadziwa kuti ndinalekera Sitandade 3, koma umaganiza kuti anandiletsa. Palibe amene anandiletsa. Kwathu ku Ntcheu, dona wa ku mishoni anabwera yekha pakhomo pathu kudzanena kuti pali malo amodzi ku sukulu ya atsikana yogonera komweko, ulendo wa masiku awiri, kumene ndikanaphunzira mpaka unamwino. Agogo ako anali pamtondo akusinja. Anangoimika munsi ndi kupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu. Ine ndinaona misozi. Ndinaganiza za mkulu wanga Velina, mayi ako okubereka, amene anali atapita kale kuno ku Wanki, ndinati ndikachokanso ine adzawatungira madzi ndani. Dona anandifunsa katatu, katatu konse ndinayang'ana zala za kumapazi ndi kunena kuti sindikufuna. Malowo anapatsa Elube mnzanga, amene masamu ankaonera kwa ine. Dzinja lisanathe kunabwera uthenga wakuti mayi ako amwalira, asiya mwana wa zaka zisanu, ndipo abale anakhala pansi nagwirizana kuti ine ndidzalowe m'nyumba ya mkulu wanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinakana ulendo wa masiku awiri kuti ndikhale pafupi, ndinayenda wa masabata. Tsiku lonyamuka agogo ako anandiperekeza mpaka kumsewu, ndipo pomwepo anandifunsa chimene ndinakanira sukulu ija. Ndinati ndinakuonani mukulira. Anati, "Mwana iwe, linali thukuta. Ine ndinkadikira kuti uvomere." Sindinadandaulepo kuti ndinabwera kudzakulera, usamve molakwa. Ndikungoti munthu ukawerenga nkhope ya kholo lako wosalifunsa, umawerenga zako zomwe. Iwe sunandifunse, Binwelo. Unangoona ndikupukuta kumaso.

Za Wanki ndinkazidziwira pa amuna obwerera kumudzi. Ankafika ndi zipewa, njinga zonyezimira ndi galamafoni, ndipo ife atsikana tinkati kumeneko ngakhale agalu amagona pa matilesi. M'sitima ndinavala diresi langa loyera kuti ndisachititse manyazi pofika. Ndinatsika pa siteshoni diresi lili lotuwa, ndinafika ku Madumabisa, m'kachipinda kamodzi, iwe uli pakona ndi zipere m'mutu ukundiyang'ana ngati wakuba. Palibe ndi mmodzi yemwe wa amuna aja amene anatiuza za fumbi, kapena za chifuwa, chifukwa ife sitinafunse, tinkayang'ana nsapato. Ndikunena izi chifukwa cha akuluakulu a bungwe la kumudzi amene anadzaza pakhonde pano kukuyamikira kuti wasankha kumwera. A Kamwendo anati ku Joni ndiye kudziko, ngakhale buledi wake ndi wina. A Zgambo anati ku Uganda anthu amadya nthochi zophika m'mawa ndi madzulo, mwamuna sangalimbe nazo. Onse anaseka, iwenso unaseka. Koma ndani mwa iwo anaonapo khomo la yunivesite? Amadziwa migodi, amadziwa kumene jasi ndi lotchipa. Amasankha dziko mmene anasankhira iwo, poona zimene wobwerera wanyamula. Uwalemekeze, ndi makolo ako, adzanyamula maliro a bambo ako ndi anga. Koma sukulu usasankhire pakamwa pawo.

Ine za mayunivesite sindizidziwa, sindinama. Sindingakuuze kuti dziko la sukulu zamphamvu ndi ili kapena ilo. Koma makutu ndili nawo, ndipo munthu wachete anthu amamuiwala kuti ali pomwepo. Chaka chatha chonse, iwe ndi anzako ogwira nawo ku chipatala cha mgodi munkakhala pansi pa tsanya kukangana, ine ndikusoka pakhomo. Wina ankati ku India, wina ankati ku Mangalande ngakhale kuzizire bwanji. Iwe unkati kumwera kuli aphunzitsi abwino koma malamulo a sukulu za anthu akuda akupanikizidwa chaka ndi chaka, ndipo munthu sudziwa kuti pomaliza udzapeza chiyani. Unkati ku Uganda wophunzira wakuda amalowa m'chipatala chachikulu, amaika yekha chomvera pachifuwa cha wodwala, ndipo pepala lake limalemekezedwa akabwerera. Ponena zimenezi unkaimirira wosadziwa kuti waimirira. Lero ndisanakhale pamphasa ndinatsegula buku lako la mapu limene ndimati ndiike pansi pa bokosi. Pa Uganda pada bii ndi chala chako, pepala lafewa ngati nsanza. Kumwera n'koyera ngati buku latsopano. M'nyumba ya malasha chala sichinama. Choncho Lolemba ukakhala pamaso pa anthu a ku ofesi aja, uwafunse zimene unkafunsa pansi pa mtengo: akaphunzitsa chiyani, amene akaphunzitse ndani, ndipo ukadzabwera nalo pepalalo adzakulola kugwira ntchito yake kapena udzangonyamula mabeseni ngati pano. Za kutalika kwa njanji usafunse. Ndikubwereza, usasankhe ndi mantha anga.

Ngati utafunsa zonsezi n'kupeza kuti mtima wako uli pa uphunzitsi, pita kumwera mutu uli m'mwamba, ndipo ine ndidzanyadira ngati mmene ndikananyadira udokotala. Chimene ndikukana ndi chakuti upite kumeneko utanyamula ine kumsana.

Kulikonse kumene upite, upereke moni kwa eni dziko. Ine pa ichi ndinalakwa zaka ziwiri zathunthu. Titangosamukira kuno ku Lwendulu, amayi akwathu anandinong'oneza kuti Anambya, eni dziko lino, sakonda Anyasa, ndisalandire chakudya chawo, ndisawabwereke ngakhale mchere. Kwa munthu wamanyazi malangizo otero amakoma, amakupatsa chifukwa choyendera chowerama. MaNyoni, amene ndi Mnambya, ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine n'kumayang'ana ndowa. Tsiku lina iwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri thupi linatentha, unayamba kuphupha, maso atatembenuka. Bambo ako anali pansi. Amayi akwathu aja anali kumsonkhano wa Lachinayi. Ine ndinangoima pakhomo ndikukugwira. MaNyoni analumpha mpanda, anakulanda m'manja mwanga, anakubereka kumsana ndi kuthamanga mpaka kuchipatala, ine ndikutsatira pambuyo ndi nsapato imodzi. Pakhomo pa chipatala panali mzere, iye anakalipa m'Chindebele mpaka anatitsegulira. Utatsitsimuka anandiyang'ana nati, "Kani pakamwa uli napo? Ndinamva ukupemphera." Kuyambira tsiku limenelo sitinasiyane. Ukakafika kwa eni, usakadziunjike ndi Anyasa okhaokha kumadandaula za ndiwo za kwanu. Uphunzire moni wawo sabata loyamba. Nthochi zophikazo ukadye, ukayamike, ndipo ukandilembere mmene amaziphikira.

Ulembe, mwana wanga. Apa ndiye pali bala langa lalikulu. Nditafika kuno ndinalembera agogo ako kawiri, kenaka ndinaleka. Ndinkachita manyazi kutumiza kalata yopanda kanthu m'kati, pamene ana a anzawo ankatumiza mabulangete. Ndinkati ndidikire Khirisimasi. Khirisimasi ikafika ndinkati ndidikire ina. Kenaka manyazi a kusalemba anakula kuposa manyazi a kusatumiza, ndipo sindinadziwenso poyambira. Zaka zisanu ndi chimodzi. Kalata ya maliro awo inafika pa nambala ya bambo ako ku ofesi ya komboni itatha miyezi inayi m'njira, ndipo amalume analemba kuti mpaka kumapeto ankatuma ana kumishoni Loweruka lililonse kukafunsa ngati kwabwera kanthu kochokera ku Wanki. Anthu amati mchona ndi munthu amene anapita kutali. Ayi. Uchona umayamba ndi kalata imodzi imene munthu wati adzalemba mawa. Wa ku Buluwayo pompa akhoza kuchona, wa kutsidya kwa nyanja osachona. Iwe usadikire kuti ukhale ndi nkhani yabwino. Ukalephera mayeso ulembe. Ukadwala ulembe. Ukasowa chonena ulembe kuti kuno kwagwa mvula, ine ndidzawerenga ndi chala mpaka pepala lidzade.

Tsopano za bambo ako. Nditabwerera kunyumba ndinapeza atapita kale kukaima pa mzere wa shifiti ya masana. Sindinaganize. Ndinatenga kalata ija ndi kuthamangira ku geti la mgodi, kumene mkazi safika pokhapokha kukagwa ngozi. Amuna anali atandanda ndi zipewa zawo ndi nyali, aliyense nambala yake m'manja. Ndinaima pa waya wa mpanda, ndipo ndinaitana mokweza kuti, "Bambo a Binwelo." Mzere wonse unatembenuka. Wina anati a Phiri mwaiwala chiyani kunyumba, boma lakutsatirani. Wina anati lero mvula igwa ndithu, Nabanda walankhula. Bambo ako sanaseke. Anabwera pa waya nkhope itasintha, akuganiza kuti wagundidwa ndi galimoto.

Ndinawauza zonse, za jekete, za a Gondwe, ndi za mawu anga a pampopi, kuphatikizapo magazi aja amene iwo ankayesa kuti sindinawaone. Anatenga kalatayo, anaitembenuza uku ndi uku ngakhale Chizungu sawerenga, anasisita sitampa ndi chala chachikulu. Chifuwa chinawagwira, anagwira waya mpaka chinapita. Kapitawo anali akukuwa kuti checha, checha, kutanthauza fulumirani. Iwo sanatembenuke.

"Ine pano sindinkabwera," anatero. "Ndinkapita ku Joni. Ndinangoti ndiime pa Wanki miyezi itatu, ndipezepo mphamvu. Taona ndevuzi. Mwanayo asatsike panjira chifukwa cha chifuwa changa."

Ndinawapempha kuti akuuze okha. Anapukusa mutu, anati akatuluka iwe udzakhala utagona, ndipo mawa pa siteshoni padzadzaza anthu a mpingo, iwo akayamba kulankhula adzachita zochititsa manyazi pamaso pa anthu. Anandibwezera kalatayo kudzera pa waya.

"Iwe uli ndi pensulo, amake Binwelo. Lemba."

Anapereka nambala yawo pawindo, analowa osacheuka. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo, nkhani ya miyezi itatu imeneyi ndaimva lero, pa waya, kapitawo akukuwa. Nyumba yathuyi ndi ya anthu atatu achete, aliyense akubisira mnzake kanthu pomukonda. Bambo ako anabisa kansalu, ine ndinabisa sukulu, iwe wabisa Uganda. Ndadabwa kuti denga silinatigwere.

Sindikunamiza kuti upite ndi mtima wopepuka. Udokotala ndi zaka zambiri, ndipo ku Uganda si kobwera tchuthi chilichonse. A Gondwe akuti ndi sitima mpaka Halale, ina mpaka Beira, kenaka ya pamadzi, kenaka ya pamtunda kachiwiri. Bambo ako mwina sudzawapeza. Iwo akudziwa, ndipo anena zimene anena akudziwa. Ine mantha sanandithere. Koma tamvera. Nyumba ino imayenda ndi nambala ya bambo ako, si yathu. Tsiku limene nambalayo idzabwezedwe adzabwera kudzatenga kiyi, kaya iwe uli kumwera, kaya kumpoto, kaya wakhala pakhonde pompano. Zimenezo sungaziletse ndi ubwino wako wonse. Ndipo tsiku lija pampopi unathawa msanga. Ukanakhala pang'ono ukanamva MaNyoni akundikalipira kuti ndisiye kulira ngati mwana wamasiye, kwawo ku Lukosi malo alipo, ndidzamanga pafupi ndi iye, ndidzakhala wosokera mudzi wonse. Wabwerezanso lero nditamuuza, ndipo wati ndikuuze kuti sanakubereke kumsana tsiku lija kuti udzakhale mlonda wa nkhalamba, pamene ine sindinafike n'komwe pa zaka makumi atatu ndi zisanu. Makina anga osokera ndili nawo, maso akuona, ana a sukulu sasiya kung'amba mayunifomu. Ndinabwera kuno ndili mtsikana wosadziwa ngakhale kupempha madzi m'chilankhulo cha eni, ndinakulera, unakula. Usandiyese wofooka chifukwa ndine wachete.

Ndipo ngati ukufunadi kundisunga, ndikuuze mmene ungandisungire. Udzabwere ndi chomvera chija, udzachiike pa zifuwa za amuna amene anandiseka pa mzere lero. Onse amatsokomola ngati bambo ako. Akazi awo onse amachapa tinsalu tomwe ndimachapa ine, ndipo palibe amene amatiuza m'chilankhulo chathu chimene chikuchitika m'kati mwa amuna athu.

Zing'onozing'ono ndisaiwale. Mapepala ako usaike m'bokosi, akhale pathupi. Pa siteshoni ya Buluwayo munthu akakuuza kuti ndi wakwanu akunyamulire katundu, umuthokoze koma chogwirira usasiye. Kwa msuweni wako kumene ukagone ukapereke nkhuku imodzi, ndaphika ziwiri. Masokosi ndaika m'kati mwa nsapato zakuda. Ukakwera ya pamadzi, akuti mandimu amathandiza mseru, ndaika anayi pakona ya bokosi, ndipo ukapita kumwera ukangowadya ndi tiyi, palibe chotayika. Kutchalitchi uzipita ngakhale nyimbo zake zikhale zachilendo. Za atsikana ndilibe mawu, manyazi andigwira ngakhale papepala. Ungokumbuka kuti aliyense ali ndi mayi ake amene amamusitira zovala.

Kalata ino ndiikulunga m'pepala la mafuta ndi kuiika pansi pa nkhuku m'kamba wako. Ndikukudziwa, sitima isanafike pa Dete udzakhala utamasula. Sindikupatsa m'manja chifukwa udzayamba kundiuza kuti kumwera ndiko ukufuna, udzandiyang'ana m'maso, ndipo ine ndidzayang'ana zala za kumapazi ndi kuvomera ngati kale. Pa siteshoni mawa ndidzangoti uyende bwino. Usadabwe. Zonse zili muno.

Ya ku Uganda ndaibwezera mmene ndinaipeza, koma sindinasoke. Singano ndi ulusi ndazibaya kuseri kwa kolala. Uli ndi Loweruka ndi Lamulungu kuti uganize wekha, popanda chifuwa cha bambo ako kuseri kwa khoma, popanda ine pampopi. Ngati mtima wako weniweni uli kumwera, usoke wekha, ndipo usoke bwino kuposa poyamba. Ine msoko umenewo sindiugwira. Lolemba ukatuluka mu ofesi muja utumize telegalamu pa nambala ya bambo ako, liwu limodzi lokha, dzina la dziko. A Gondwe adzatibweretsera. Sindifunika womasulira, mayina onse awiri ndimatha kuwawerenga.

Powauka paja ndinayesa kupaka madzi a mandimu, ndinayesa kupala ndi mpeni, sipanachoke. Pali chithunzi cha simbi yonse, ndi nsonga yake yomwe. Ndinati ndiikepo chigamba, koma ndaleka, zobisa zakwana m'nyumba muno. Ulivale choncho. Wina akakakufunsa kumeneko, ukamuuze kuti mayi ako ankawerenga.

Madontho ayamba kugogoda pa malata, ndipo malaya ako ali pa waya.

Ndine mayi ako,
Esinati Nabanda

Ndamaliza Lachinayi, 5 koloko madzulo itangokwana, belu la njinga yako likumveka kumapeto kwa mzere.